Bambo Domingo ndi Akalonga a ku Greiz

Pali chinthu chimene sindinauzepo munthu, ngakhale amuna anga. Pamaliro a apongozi anga, Bambo Domingo, anthu ankandigwira paphewa n'kumati, "Pepani amake Limbani, inu ndiye munali mwana wawo weniweni, sabata sinkatha osabwera kwanu." Ine ndinkangogwedeza mutu. Zoona zake n'zakuti ankabwera kwathu chifukwa ndinali nditasiya kupita ndi mwana kumene banja lonse linkakumana Lamlungu. Amuna anga ndinawauza kuti phokoso la kumeneko limamusokoneza Limbani. Silinali phokoso ayi. Inali nsanje, ndipo chifukwa cha nsanje imeneyo nkhalamba ija inamwalira isanaonenso zidzukulu zake zitatu m'chipinda chimodzi. Sabata ino akwanitsa chaka chimwalirireni, ndiye ndati ndilembe za iwo, mwina mtima ungakhale pansi.

Anali munthu wamfupi, wamapewa otambalala, ndipo sankatuluka m'nyumba opanda tayi ngakhale akungopita kukagula mkaka. Khutu lakumanzere linagontha kalekale ndi makina, choncho mukamalankhula nawo ankapendeketsa mutu n'kukulozetsani khutu labwinolo. Manja awo ankamveka mafuta a makina mpaka kumapeto, ngakhale anali atapuma ntchito. Anabadwira pa Lizulu, tsidya la msewu, mbali ya Mozambiki, ndipo ankakonda kunena kuti mayi awo akanangowoloka kukagula tomato tsiku limenelo, bwenzi ali Mmalawi ngati ife tonse. Chichewa chawo chinali cha kwathu ku Ntcheu, koma akakwiya ankakalipa m'Chipwitikizi, akasangalala n'kuyimba m'Chijeremani.

Ku Jeremani anapitako ali mnyamata, nthawi imene boma la kwawo linkatumiza achinyamata kukagwira ntchito m'mafakitale a Jeremani wa kum'mawa. Iwo anagwera m'katauni kotchedwa Greiz, m'fakitale yoluka nsalu. Lamlungu anzawo ankapita ku mpira, ena ku mowa. Iwo ankakwera kaphiri ka pakati pa tauni kukayang'ana nyumba yachifumu yakale, n'kumadzifunsa kuti munkakhala ndani. Anawayankha ndi mayi wina wachikulire amene ankagwira naye pamakina oyandikana, monong'ona, poti boma la nthawi imeneyo silinkakondwera ndi nkhani za mafumu. Kuyambira pamenepo matenda a mbiri anawagwira ndipo sanachire. Anabwerera nawo ku Africa, anakwatira nawo ku Ntcheu, anadutsa nawo ku Portugal, mpaka kudzafika nawo kuno ku Leicester, kumene anapezanso ntchito yoluka.

Aliyense amene anadyapo nawo patebulo anaimva mbiri ya kadziko ka mafumu akale a ku Greiz aja, afune asafune. Ankati kanali kadziko koti munthu wa njinga akadzuka m'mawa, chakudya chamasana amakadyera kunja kwa malire. Koma kanali ndi akalonga ake, ndipo kwa zaka mazanamazana mwana wamwamuna aliyense wobadwa m'banja la akalongawo ankamutcha Heinrich. Bambo Heinrich, mwana Heinrich, malume Heinrich. Pofuna kuwasiyanitsa ankawapatsa manambala, ndipo nambalayo sinkatsata bambo ndi mwana, inkatsata kubadwa m'fuko lonse. Mwana wobadwa lero m'nyumba iyi atenga nambala yake, wobadwa mawa kwa msuweni atenga yotsatira. Bambo akamwalira ana ankagawana dzikolo, nawonso ana awo n'kugawananso, mpaka tauni imodzi ya Greiz inakhala ndi akalonga awiri, wina pamwamba pa phiri, wina m'mphepete mwa mtsinje. Pamapeto panatsala nyumba ziwiri, yaikulu ku Greiz, yaing'ono ku tauni ina yotchedwa Gera. Akafika pamenepa maso awo ankawala ngati akunena za abale awo.

Amene ankawaputa kwambiri anali Bambo Tembo, mnzawo wa ku tchalitchi, wa ku Zambia.

"Imwe a Domingo, kadziko kameneko kachepa kupambana munda wa atate anga ku Chipata. Amenewo ni mafumu a m'mudzi chabe."

"Anali ndi asilikali awo, a Tembo."

"Angati? Awiri na galu?"

"Anali ndi mbendera."

"Na timu yathu ya bola ili na mbendera."

Apongozi ankamenya tebulo n'kunena kuti munthu wosadziwa mbiri ndi bwino azingodya. A Tembo n'kudyadi, akuseka. Sabata yotsatira n'kuyambiranso pomwepo.

Zikanathera m'nthabwala choncho bwenzi palibe chimene ndikulemba. Koma Bambo Domingo anatenga kadziko kaja n'kukasamutsira m'banja mwawo. Anali ndi ana awiri. Wamkulu ndi alamu anga a Isaac, amene amagwira ntchito ya zamankhwala ndipo amakhala ku Evington ndi akazi awo a Enelesi, nesi wamkulu wa pachipatala. Wamng'ono ndi amuna anga a Lemekeza, a ntchito ya mu weyahausi yosungira katundu, ndipo ife timachita lendi ku Braunstone. Ku Evington kunali Nyumba Yaikulu. Kwathu kunali Nyumba Yaing'ono. Ankatchula choncho pafoni, pamapemphero, ngakhale pamaso pa alendo. Ankati ndi kubadwa chabe, kuti Isaac ndiye woyamba. Koma mukalowa pageti la ku Evington n'kuona magalimoto awiri ndi mtengo wa maapozi kuseri, kenako n'kukumbukira nkhungu ya pakhoma la bafa yanu, mawu akuti yaing'ono amakulowani pena.

Za kubadwa kwa Ethan, mwana woyamba wa a Enelesi, ndinazimva kambirimbiri, ngakhale panthawiyo ndinali ndisanalowe m'banjali. Apongozi anafuna kuti pasatifiketi alembe Heinrich. A Isaac anakana.

"Adadi, mwana wakuda, dzina lake Heinrich, pa Evington pano? Mukufuna azikamuseka ku sukulu?"

Nkhalamba inakwiya, inasiya kudya kumeneko, foni osayankha. Anathetsa nkhondoyo ndi a Enelesi. Anakwera basi ndi khanda kupita ku Beaumont Leys kumene apongozi ankakhala okha chimwalirireni akazi awo, anagwada pakhomo n'kunena kuti papepala akhale Ethan, pakamwa pa agogo ake akhale Heinrich. Basi, kuyambira tsiku limenelo a Enelesi sanalakwenso kanthu pamaso pawo. Nkhani imeneyi ankaikamba pa Khirisimasi iliyonse, ndipo ine ndinkamwetulira mpaka masaya kuwawa.

Ethan anakhala Wachiwiri. Limbani wanga atabadwa anakhala Wachitatu, ndipo Joel, wamng'ono wa ku Evington, anakhala Wachinayi. Mukawafunsa kuti nanga Woyamba ndani, ankangoti alipo, n'kupempha mchere. Amuna anga ankati mwina ndi Yesu.

Mwana aliyense ankamulukira juzi. Anali ndi makina aang'ono oluka amene anagula fakitale ina ikutsekedwa, ndipo anawaika pabalaza, pamene anthu ena amaika TV. Majuziwo anali akuda, a mizere yofiira ndi yachikasu, nambala yachiroma pachifuwa. Mwana akakula ankaluka ina. Ndiulule pano, tsiku lina ku Evington ndinalowa m'chipinda chochapira, ndinatenga juzi ya Ethan ndi ya Limbani n'kuzitembenuza kunsi, kufuna kuona ngati ulusi wake unali wofanana. Unali wofanana. Ndinakhumudwa, chifukwa ndinkafuna umboni.

Umboni ndinkaupeza kwina. A Enelesi ankadziwa kufunsa mafunso. "Adadi, amene anamanga munda wa maluwa uja ndi wa paphiri kapena wa kumtsinje?" Apongozi n'kukoka mpando, n'kuyamba. Ankalowa mpaka kukhitchini, apongozi aamuna athunthu, n'kumasenda anyezi uku akufotokoza za ukwati wa kalonga wakutiwakuti, awiriwo n'kumaseka. Ine ndinaleredwa kuti apongozi aamuna suwayang'ana m'maso. Ndinkapereka madzi osamba m'manja n'kubwerera chambuyo. Iwo ankati ndine waulemu, koma nthabwala ankachita ndi wina. Ndinayesapo kuloweza. Pa bureki ku ntchito kwathu, kunyumba yosamalira okalamba, ndinkawerenga pafoni za akalonga aja mpaka mutu kuzungulira. Lamlungu lina ndinalimba mtima n'kufunsa za nyumba ya akalonga imene inkawerenga manambala aja mpaka handiredi kenako n'kuyambiranso. Anandiyankha bwinobwino, mwaulemu, ngati akuyankha mlendo pa siteji ya basi. Kenako anatembenuka. "Enelesi, wamva? Amake Limbani ayamba sukulu." Onse anaseka. Sindinafunsenso.

Koma ndisawanamizire. Limbani ankamukonda. Mwana wanga anafika zaka zinayi asanatulutse mawu ngakhale amodzi, ndipo madokotala atamuona kangapo anati ndi otizimu. Safuna kugwidwa, sayang'ana munthu kumaso, akamva chowumitsira m'manja cha m'zimbudzi za m'mashopu amadzigwetsa pansi. Koma phokoso la makina oluka ankalikonda. Agogo ake ankamukhazika pampando wautali, n'kuika kadzanja kake pa chogwirira, dzanja lawo pamwamba, n'kumakankha uku ndi uku. Ankatha nthawi yaitali choncho, wina wogontha khutu, wina wosalankhula. Ankati Wachitatu ndiye yekha m'banja lonse amene sawadula pakamwa. Ankanenanso kuti nambala si udindo, ndi malo pamzere, ndipo munthu akaima pamalo ake palibe womudumpha.

Tsiku limene zinthu zinasweka linali Lamlungu, ku Evington, titachoka ku tchalitchi. Kunali a Tembo ndi akazi awo. Ethan anaimirira n'kulakatula ndakatulo ya ku sukulu, agogo ake n'kuwomba m'manja mpaka tayi kupindika. Joel, amene ndi wamng'ono kwa Limbani, ankangolongolola, Chingerezi apa, Chichewa apo. Wanga anali pansi pa tebulo akundandalika masipuni. Mayi Tembo anasuzumira pansipo n'kupukusa mutu.

"Mwana uyu mumupeleke ku mapemphero, amake. Pali chinthu chinamumanga lilime."

"Tikupita naye kwa ophunzitsa kulankhula, anti," ndinatero.

"Azungu sadziwa vonse."

Joel anakweza nsalu ya patebulo n'kunena kuti, "He can't talk, he's a baby." A Enelesi anamukalipira, koma mawu anali atatuluka kale.

Apongozi anagogoda tambula ndi foloko. Ndinkaganiza kuti ayamba zija za malire, koma anakamba nkhani imene ndinali ndisanaimvepo. Anati kalonga womaliza wa nyumba ya ku Greiz anavulala ali mwana, ndipo anakula wosatha kulamulira, ngakhale kudzisamalira. Bambo ake atamwalira panalibe mwana wina wamwamuna. Anthu akanatha kumudumpha, koma sanatero. Anakhalabe kalonga, dzina lake ndi nambala yake, ndipo abale ake a nyumba ya ku Gera ndi amene ankayendetsa dziko m'dzina lake. Maufumu onse a ku Jeremani atatha pambuyo pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse ija, iye anakhalabe m'tauni yakwawo mpaka imfa, anthu akumudziwa kuti ndi ndani.

Ndinati lero ndiye lero, mwana wanga wapeza malo m'mbiri ya agogo ake, ndipo Mayi Tembo amva. Ndinatsala pang'ono kuwayang'ana apongozi m'maso kuti ndithokoze. Ndiye anaika foloko pansi.

"Isaac, Enelesi, imirirani."

"Adadi, chakudya chizizira," anatero a Isaac.

"Ndati imirirani."

Anaimirira.

"Wachitatuyu ndakuikizani. Kumene kuja nyumba yaing'ono ndi imene inasunga yaikulu, kuno zatembenuka, palibe kanthu. Loweruka limodzi pamwezi azibwera kuno yekha, azolowere fungo la nyumba ino, azolowere manja anu. Tsiku limene makolo ake adzafooke, asadzagwere m'manja mwa alendo."

"Tavomera, Adadi," anayankha a Enelesi, misozi ili m'maso.

Anayankha mofulumira kwambiri. Munthu sayankha choncho nkhani imene akuimva koyamba. Ndinayang'ana amuna anga, ndinapeza akuwerenga mpunga m'mbale. Ndiye kuti onse ankadziwa. Anakhala pansi, anakambirana za mwana amene ndinabereka ine, amene ndimadziwa kulira kwake kwa njala ndi kulira kwake kwa mantha, n'kugwirizana zomupereka kwa mkazi amene ali kale ndi ana awiri olankhula, digiri, magalimoto, ndi kuseka kwa apongozi kukhitchini. Chinthu chimodzi chokha chimene ndinali nacho ine ndekha, nachonso chipite ku Evington.

"Adadi, ndifunse nawo," ndinatero. "Mayi ake a kalongayo anali kuti?"

Anandilozetsa khutu labwino. "Mwati bwanji, mayi?"

"Ndati mayi ake anali kuti?"

Pa nkhani ya mbiri sankanama, ngakhale bodza likanawathandiza.

"Anali atamwalira."

"Ine sindinamwalire."

Ndinakwawira pansi pa tebulo ndi diresi langa la ku tchalitchi, ndinamukoka Limbani akukuwa chifukwa cha masipuni ake, ndipo ndinatuluka. A Enelesi ananditsatira mpaka pageti. "Asisi, dikirani ndikudiropeni, kukuzizira." Ndinawauza kuti basi ndimaidziwa. Kumeneko sindinapondekonso mpaka pamaliro.

Lachitatu lotsatira ndinamva kugogoda. Anali iwo, tayi pakhosi, ambulera m'manja, atakwera mabasi awiri kuchokera ku Beaumont Leys. Sananene kanthu za Lamlungu. Anavula nsapato, anakhala pansi pakapeti, msana atatsamira khoma pafupi ndi hita, n'kutulutsa m'thumba timipira ta ulusi totsala. Limbani anabwera n'kuyamba kutindandalika. Sabata yotsatira anabweranso, ndipo zinakhala choncho mpaka atadwala. Ndinkawaphikira tiyi, ankamwa, ankathokoza. Nthawi zina ankalankhula ndi mwana mokweza kuti ine ndimve kukhitchini. Ankamuuza kuti kadziko kaja sikanachepe chifukwa cha adani, kanachepa chifukwa m'bale aliyense ankafuna geti lakelake. Ine n'kutsegula mpopi kwambiri.

Kamodzi kokha ndi kamene tinayankhulana zenizeni. Ndinaika tiyi pansi n'kukhala pamkono wa sofa, chinthu chimene sindinkachita pamaso pawo.

"Adadi, bwanji simunayambe mwafunsa ine?"

"Pamenepo ndinalakwa, mayi. Njira ndinaiphonya. Koma nkhaniyo sindinalakwe."

"Munapita kwa amene savuta."

"Ndinapita kwa amene sachita mantha."

"Sachita mantha chifukwa ana ake amalankhula."

Anayang'ana Limbani. Kenako anati, "Inu mumagwira ntchito ya okalamba. Amene alibe abale mumawaona." Ndimawaonadi. Ndimadziwa amene amakhala pawindo Lamlungu popanda wobwera. Koma tsiku limenelo ndinangotola makapu. Potuluka anaima pakhomo akumanga mabatani a jasi n'kufunsa ngati Lamlungu tibwera, akufuna kujambulitsa anyamata atatu ndi majuzi atsopano. Ndinati tiona. Ankafunsa choncho sabata iliyonse, ine n'kumati tiona.

Anadwala sitiroko kumayambiriro kwa nyengo yozizira. Anawagoneka pachipatala chimene a Enelesi amagwira ntchito, choncho amene ankawapukuta pakamwa, amene ankamva zimene madokotala akunena, amene anawagwira dzanja pomaliza, mukudziwa kale. Ine ndinafika mochedwa, nditasowa womusiyira mwana. Taonani zimenezo. Ndinasowa womusiyira mwana, ndipo ngakhale pamenepo sindinafune kumva.

Tikukonzekera maliro, ndili kukhitchini ku Evington ndikudula kabichi, a Enelesi anatseka chitseko.

"Asisi, pali munthu wofunika kumudziwitsa. Woyamba uja."

"Alipodi?"

"Ali ku Jeremani, ngati ali moyo. Adadi anabereka mwana ndi mtsikana wa m'fakitale muja. Mayi ake anamutcha Heinrich. Zinthu zitasintha m'dzikomo, ntchito zinatha, anyamata onse anawakweza ndege. Anamusiya akuphunzira kuyenda."

"Ndiye sanapitekonso? Ndege zotchipa zonsezi?"

"Ankaopa. Ankati akakamupeza adzamuuza kuti ndinali kuti."

"Inu munadziwa liti?"

"Tsiku lija ndinapita ndi Ethan ali khanda. Anandilumbiritsa. Ngakhale a Isaac ndawauza dzana."

Ndikanakonda kulemba kuti ndinamva chisoni. Chisoni chinabwera, koma chinachedwa. Choyamba chimene chinandibwerera n'chakuti, bwanji iyeyu? Zaka zonsezi wasenza chinsinsi cha nkhalamba, ine ndikupereka madzi osamba m'manja. Ndinadula kabichi uja mpaka anakhala ngati ufa. Ndili pabasi pobwerera m'pamene zinandilowa. Dzina limene ankatisowetsa nalo mtendere linali la mwana wawo, ndipo ankangofuna kuti lizitchulidwa m'nyumba. Ndiponso munthu amene ndinamuuza monyada kuti sindinamwalire ankadziwa bwino kuposa ine kuti kholo likhoza kuchotsedwa pa mwana lili moyo, lathanzi, likukana. Sanandiyankhe tsiku lija. Akanatha, koma sanatero.

A Isaac akufufuzabe za Woyambayo. Mpaka pano palibe yankho.

Chaka chonsechi a Enelesi sanandikakamize. Amangotumiza uthenga mwezi ukamatha, wakuti Loweruka ali pa ofu. Ine ndimayankha kuti zikomo. Amuna anga anayesa kamodzi, ndinawafunsa ngati mpunga uja anamaliza kuuwerenga, sanayesenso. Koma mwezi wapitawu ndinadwala chimfine choopsa, amuna anga ali ku shifiti, ndipo ndinagona pansi m'bafa mutu ukuzungulira, Limbani ataima pakhomo akundiyang'ana mapazi. Sangaimbe foni. Sangagogode kwa aneba. Ndinachira, sichinali chachikulu. Koma Loweruka lathali ndinamuveka jasi, ndinalongedza mabisiketi ake okhawo amene amadya, ndipo tinakwera basi ya ku Evington.

Ndinkayembekeza kuti alira. Ndinali nditakonzeka kunena kuti mwaona, sangakhale popanda ine, n'kubwerera naye. Chitseko chitatseguka anadutsa pansi pa mkono wa a Enelesi osacheuka, molunjika pansi pa tebulo. Pamenepo panali kadengu ka masipuni, ataika kale. Magetsi a pabalaza anali atazimitsa, wailesi osayatsa, anyamata awo atawauza kuti asamugwire. Zonse anachita bwino. Ndinafunafuna cholakwika, sindinachipeze.

"Lowani mumwe tiyi, asisi."

"Ndili ndi zina m'tauni."

"Akavuta ndikuimbirani."

Ndinalibe zina m'tauni. Ndinabwerera ku Braunstone, ndinatsegula chitseko, ndipo kwa nthawi yoyamba chibadwireni mwana wanga m'nyumba munalibe aliyense. Ndinakhala pasofa ndi jasi langa. Moyang'anana nane panali pamalo paja pamene apongozi ankakhala, pafupi ndi hita. Pakhoma pali banga lozungulira pamene mutu wawo unkatsamira, mafuta a m'tsitsi analowa mu penti ndipo sopo anakanika. Kapeti pamenepo ndi wophwatalala kuposa kwina konse. Sitiikapo kanthu, ngakhale nsapato. Palibe anagwirizana zimenezo, zinangochitika. Hita inkalira payokha, kutenthetsa khoma lopanda msana.

Foni sinalire tsiku lonse. Chakumadzulo kunabwera chithunzi. Limbani ali pansi pa tebulo, Ethan wagona chafufumimba pambali pake akumupatsira sipuni, ndipo mwana wanga akuseka, kuseka kuja kotsegula pakamwa ponse kumene ndinkati amasekera ine ndekha. Ndinachiyang'ana mpaka foni inazima. Sindinayankhe.

Inu amene muli ndi ana, makamaka ana onga wanga, tandiuzani. Ndinalakwa kukana nkhalamba ija ili moyo, pamene inandidumpha ngati kulibe mayi? Nanga pano ndachita bwino kumupereka, mtima ukuwawa chonchi, eniake opempha atapita? Mwezi ukutha, uthenga uja ubweranso. Ndimupititse?